Ofuna ulangizi wa mbewu kuno ku Harare, chaka chanu chiyambe mu Meyi

Pafupifupi Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ku Mufakose pamapezeka kholo londikokera pambali. "Alangizi, mwana wathuyu wamaliza Fomu 4, akuti akufuna ntchito yanuyi. Ayambire pati?" Ndimayankha mwachidule poti aliyense amakhala akuthamangira kombi, ndiye lero ndati ndifotokoze modekha. Ntchito imeneyi pa mapepala amalemba kuti agronomist, anzathu Achishona amati mudhumeni, ife timangoti alangizi. Ndi munthu amene amadziwa chimene mbewu ikufuna pa tsiku limenelo, m'dothi limenelo, ndipo amatha kuuza mlimi m'mawu oti awamve.

Agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nakathera moyo wawo pa famu ya fodya ku Banket. Ankati akagwira tsamba ndi zala ziwiri, amadziwa ngati lakhwima. Koma anamwalira ali wantchito wamba chifukwa analibe pepala ndipo masamu a feteleza ankawerengera ndi wina. Ana a m'makomboni a m'mafamu ndi a ku Epworth, Mabvuku kapena Dzivarasekwa, manja anu anazolowera kale khasu. Chotsala ndi pepala ndi masamuwo, ndiponso kutsatira munda umodzi chaka chonse osadumpha sabata.

Mapepala ndi sukulu

Yambani ndi chitupa. Ambiri mwa ife tinakula ndi zitupa zolembedwa chilembo cha A, kusonyeza kuti ndife alendo, ena opanda ndi chikalata chobadwira chomwe. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti amene anabadwira kuno malamulowo asanayambe, nakhala akukhala konkuno, kholo lake lili la ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena dziko lina la mu SADC, ndi nzika mwa kubadwa. Makolo, konzani zimenezi mwana akadali Fomu 3. Ndinaona mtsikana wokhoza bwino atataya chaka chathunthu chifukwa dzina la pa chikalata chobadwira linasiyana ndi la pa satifiketi.

Pa O Level pamafunika maphunziro asanu, ndipo Chingerezi, masamu ndi sayansi zisasowepo. Amene masamu anamugwetsa alembenso, asachite manyazi, chifukwa ntchitoyi ndi yowerengera tsiku ndi tsiku. Kuchoka apo njira ndi ziwiri. Pali dipuloma ya m'makoleji a zaulimi, monga Gwebi pa msewu wa ku Chinhoyi kapena Chibero kufupi ndi Norton. Pali digiri ya ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, yomwe imafuna A Level ya maphunziro a sayansi. Kwa mwana wa banja losowa, ine ndimalangiza dipuloma. Mumadzuka mbandakucha, mumagwira thirakitala ndi mpopera ndi manja anu, ndipo mukayamba ntchito digiri mutha kudzaionjezera.

Konseko kuli chaka chimene amati attachment, chokagwira ntchito yeniyeni. Musadikire kuti koleji ikupezereni malo. Harare ndi wodala pa nkhani imeneyi: kuli nthambi ya boma yofufuza zaulimi pa Fifth Street, Kutsaga ya fodya kufupi ndi bwalo la ndege, malo ena ofufuza zaulimi monga ART Farm ku Pomona, CIMMYT pa msewu wa ku Mazowe, Henderson ku Mazowe komweko, Rattray Arnold ya Seed Co, komanso maofesi a AGRITEX, nthambi ya alangizi a boma. Chionetsero cha zaulimi cha mu Ogasiti ku Exhibition Park ndiye malo okaperekera makalata pamanja. Valani bwino, funsani funso lanzeru lokhudza mbewu imene aika patebulo, kenako mutulutse kalatayo.

Kope, chopimira mvula ndi kamunda

Musanalowe n'komwe m'kalasi, gulani kope la chikuto cholimba ndi chopimira mvula, ndipo mupeze kamunda. Kakhale ka kuseri kwa nyumba kapena ka azakhali, bola kasakhale m'dambo kapena mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mbali mwa mtsinje, chifukwa lamulo limaletsa ndipo mlangizi sangayambe ntchito ndi kuswa lamulo limene adzaphunzitse ena. Chopimira mvula chiimikeni poyera, kutali ndi denga ndi mitengo, muziwerenga m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi. M'kopemo muzilemba tsiku, mvula, chimene mwachita, chimene mwaona, ndi ndalama imene yatuluka.

Meyi mpaka Julayi: dothi

Apa ndi pamene chaka cha mlangizi chimayambira, anthu atakolola, minda ili mbee. Harare ali m'chigawo chachiwiri cha zaulimi, cha mvula ya mamilimita 750 mpaka 1000 pachaka, koma dothi lake si limodzi. Kumpoto, cha ku Pomona ndi Mazowe, kuli katondo wofiira wosunga madzi. Kumwera, ku Epworth ndi Chitungwiza, kuli mchenga umene umataya feteleza mvula ikachuluka ndipo suchedwa kuwawasa. M'zigwa muli makande akuda. Phunzirani kuwasiyanitsa ndi manja: nyowetsani dothi pang'ono, mulipote pakati pa zikhatho. Likapanga kachingwe kopindika osathyoka ndi ladongo, likamangoyoyoka ndi lamchenga.

Kutenga dothi lokapimitsa kumatere. Gawani munda potsata mtundu wa dothi, wofiira pawokha, wamchenga pawokha. M'chigawo chilichonse yendani mokhotakhota, mukumbe malo 15 kapena 20, kuya masentimita 15 mpaka 20. Pewani pachulu, pamene panaotchedwa mapesi, pamene panali khola ndi m'mphepete mwa msewu. Sakanizani dothilo mu ndowa yapulasitiki yoyera, osati imene munali feteleza, muliumitse pamthunzi, mutapeko lokwana theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi. Lembani dzina la munda, mbewu imene inalimo ndi imene mukufuna kudzala, mupite nalo ku labotale ya dothi ya boma pa Fifth Street kapena ku labotale za makampani a feteleza.

Zotsatira zikabwera, yang'anani kaye pH, nambala yosonyeza kuwawasa kwa dothi. Muzikumbukira kuti kuno amapima ndi calcium chloride, ndiye nambala imatsikirapo kusiyana ndi ya m'mabuku amene amapima ndi madzi. Chimanga chimakondwa pafupi ndi 5.5. Ikatsika kufika pa 4.5, mizu imafupika, ndipo mbali yaikulu ya feteleza amene mlimi wagula mbewu siimudya. Mankhwala ake ndi laimu, ndipo laimu amagwira ntchito pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amathiridwa miyezi itatu kudzala kusanafike. Mukakumbukira laimu mu Novembala, mwathandiza chaka chamawa.

Miyezi yomweyi yendani kwa olima mbewu za nyengo yozizira. Tirigu wamthirira amadzalidwa makamaka mu Meyi kuti adzakololedwe mu Okutobala mvula isanamunyowetse, ndipo pa iye mudzaphunzira kuwerengera madzi ndi kulimbana ndi timbalame ta quelea. Za fodya, sungani masiku atatu a lamulo: nazale safesa 1 Juni isanakwane, kuwokera sikuyamba 1 Sepitembala isanakwane, ndipo mapesi onse azikhala atazulidwa pofika 15 Meyi. Cholinga n'chakuti pakhale nyengo yopanda fodya m'munda, nsabwe zofalitsa matenda zisowe pokhala. Ku Kutsaga pemphani akuonetseni nazale ya m'matileyi oyandama pamadzi.

Ogasiti mpaka Okutobala: masamu

Dzuwa likamaswa mtengo, khalani pansi ndi cholembera. Kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala a zanyengo a ku Belvedere amalengeza mmene mvula ikuyembekezekera, ndipo kusankha mbewu kuyambire pamenepo. Achibale a kumudzi ku Malawi amadziwa mbewu za chimanga za Kanyani, Mbidzi, Mkango ndi Njovu. Nyama zake ndi zomwezo kuno, kungoti amati Tsoko, Mbizi, Shumba ndi Nzou. Zoyambirirazo zimacha msanga, pafupifupi miyezi inayi, pamene Njovu imafuna miyezi isanu kapena kuposerapo, mvula yokwanira ndi chakudya chambiri. Wa mchenga wa ku Epworth wodzala mu Disembala musamuuze za Njovu ngakhale ataikonda bwanji. Mudziwenso kuti mukuphunzira mumzinda umene unatulutsa SR52 mu 1960, chimanga cha haibulidi chimene chinatchuka kutali, ndipo ambiri mwa amene ankapalira minda yake anali agogo athu omwewa.

Mbewu yogonera ipimeni kameredwe. Werengani njere 100, muzikulunge m'chiguduli chonyowa, muziike pofunda, ndipo pakatha sabata muwerenge zamera. Zikachepera 90, mbewuyo ndi yokayikitsa.

Tsopano feteleza. Kumudzi anazolowera wokulitsa wa NPK ndi wobereketsa wa Urea. Kuno wokulitsa wa chimanga ndi Compound D, wolembedwa 7:14:7, ndipo wobereketsa amene amagulidwa kwambiri ndi AN, wa 34.5. Manambalawo akutanthauza magawo pa 100 aliwonse a chakudya cha mbewu: atatu a Compound D ndi a naitirojeni, fosifolasi ndi potashi, pamene ya AN ndi ya naitirojeni. Thumba la makilogalamu 50 la AN lili ndi makilogalamu 17.25 a naitirojeni, la Urea lili ndi 23, la Compound D lili ndi 3.5 okha. Mlimi akakuuzani kuti AN wasowa wagula Urea, muzimuyankha pomwepo kuti matumba atatu a Urea akufanana ndi anayi a AN, komanso kuti Urea azimukwirira m'dothi lonyowa kuti asauluke.

Mipata nayo ndi masamu. Mizere yotalikirana masentimita 90, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, zimapereka mapesi 44,444 pa hekitala. Pa mchenga kapena chaka cha mvula yochepa mapando afike masentimita 30, mapesi akhale 37,000.

Kamunda kanu kaja mukayese Pfumvudza, ulimi wa mapando umene unachokera kwa a Foundations for Farming ndipo boma linaufalitsa mu 2020. Ndime yake ndi mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi: mizere 52 yotalikirana masentimita 75, mapando 28 pa mzere otalikirana masentimita 60, onse pamodzi 1,456. Mumadzala njere zitatu, n'kupatulira kuti zitsale ziwiri. Mzere uliwonse ndi chakudya cha banja cha sabata imodzi. Mapando amakumbidwa chilimwe, nthaka osaigalauza, ndipo pamwamba pamaphimbidwa ndi mapesi kapena udzu. Ambiri amakumba mapando koma osaphimbira, kenako amati njirayi siigwira. Kumbani nokha mapando onsewo ndi chingwe choyezera, kuti tsiku limene mudzauze mayi wachikulire kuti akumbe, mudzadziwe mmene msana umapwetekera.

Musanalowe dzinja phunziraninso kupima mpopera. Thirani madzi okhaokha, yezani malo a mamita 10 mbali zonse, mupopere mukuyenda mmene mumayendera nthawi zonse, kenako muone madzi amene atha. Akatha malita 2, ndiye kuti pa hekitala mumathira malita 200. Botolo likanena malita 2 a mankhwala pa hekitala, mu mpopera wa malita 16 muthira mamililita 160. Munthu aliyense amayenda ndi kupopa mosiyana, choncho wopopera aliyense apimidwe payekha. Pa botolo pali chizindikiro cha ngodya zitatu: chobiriwira, chachikasu chofiirira, chofiira ndi chapepo, kuopsa kukukulirakulira. Magolovesi, jombo ndi chotseka pamphuno si za abwana okha ayi. Ine ndinakula ndikuona amalume akusakaniza mankhwala a fodya ndi dzanja, ndipo chifuwa chawo cha usiku ndimachikumbukirabe.

Novembala ndi Disembala: kudzala

Mvula ya chizimalupsa ya mu Okutobala imanamiza ambiri. Dikirani mvula yokwana mamilimita 25 mpaka 30 kapena kuposerapo m'masiku awiri kapena atatu, ndipo mukumbe muone ngati chinyezi chalowa kuya ngati chikhatho chonse. Kuno kawirikawiri zimenezi zimachitika pakati pa Novembala. Zikatero musazengereze, chifukwa chimanga chochedwa sabata imodzi chimaonekera m'nkhokwe. Feteleza wokulitsa alowe pansi, mumukwirire ndi dothi pang'ono, njere zibwere pamwamba pa dothilo, kuya masentimita 5. Njere ikakhudza feteleza imapsa. Gwiritsani ntchito timakapu toyezera ta manambala, osati chikhatho.

Pakatha masiku 7 mpaka 10 werengani zamera, mupakize msanga. Soya asadzalidwe wopanda inoculant, ya tizilombo tothandiza mizu kukoka naitirojeni mumpweya, imene imapangidwa ku Grasslands ku Marondera. Isungeni pozizira, musakanize ndi mbewu pamthunzi, mudzale tsiku lomwelo. Udzu ndi mdani wamkulu m'masabata asanu ndi limodzi oyamba. Wobereketsa alowe chimanga chikafika m'mawondo, masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi chimerere, ndipo pa mchenga mugawe kawiri kuti mvula isakokolole yense.

Januwale ndi Febuluwale: kuyendera munda

Ino ndi miyezi imene mlangizi amapangika. Lowani m'munda kawiri pa sabata, m'mawa mame akadalipo. Musaime m'mphepete. Yendani ngati mukulemba chilembo cha W, muime malo asanu, pa malo aliwonse muone mapesi 10 kapena 20, mulembe kuti odwala ndi angati.

Ntchemberezandonda zinafika kuno mu 2016 ndipo sizinachokenso. Zikakhala zazing'ono zimapala tsamba n'kusiya timawindo toonekera. Zikakula zimalowa m'chikombe cha chimanga, n'kusiya ndowe zonga utuchi. Tsegulani chikombecho, muike mbozi pachikhatho: pamutu pali chilembo cha Y chozondoka, chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi. Kapuchi alibe zimenezi. Mankhwala amagwira mbozi zikadali zazing'ono, ndipo azilunjika m'chikombe, m'mamawa kapena madzulo. Musabwereze mtundu umodzi wa mankhwala nyengo yonse, mbozi zimazolowera. M'kamunda kakang'ono kuphwanya mazira ndi kutola mbozi ndi manja kumathandiza ndithu.

Masamba nawo amanena zimene mbewu ikusowa. Chikasu choyambira kunsonga kwa masamba am'munsi n'kumatsata mtsempha wapakati ndi njala ya naitirojeni. Mtundu wapepo pa chimanga chaching'ono ndi fosifolasi. Kupserera m'mphepete mwa masamba akale ndi potashi. Mizere yotuwa pa masamba anthete ndi zinki. Mukaona timaluwa tofiira ta kaufiti, zulani tisanabale njere, ndipo chaka chamawa mudzalemo soya, mtedza kapena khobwe.

Koma musafulumire kuyankha ndi maso okha. Chaka changa choyamba, mayi wina wa ku Dzivarasekwa anandionetsa chimanga chachikasu chofupika. Ndinangoima pa mzere, buku lili m'mutu, n'kunena kuti, "Mayi, onjezerani AN." Anagulitsa nkhuku ziwiri, nagula kandowa ka feteleza. Patatha masabata awiri chimanga chinali chomwecho. Bambo wina wachikulire, amene kale anali kapitawo pa famu, anatenga khasu, nazula phesi limodzi. Mizu inali yaifupi, yabulauni, yonunkha, ndipo m'dzenjemo madzi anayamba kudzadza tikuona. "Mwanawe, chimangachi sichikufa ndi njala, chikumira," anatero. Chofunika chinali ngalande ndi kukweza mizere. Ndinapita kukapepesa kwa mayi aja, ndipo nkhukuzo ndinabweza ndi malipiro anga oyamba. Kuyambira tsiku limenelo sindiyenda wopanda kakhasu, ndipo sindiyankha ndisanaone mizu ndi kufunsa mafunso anayi: mwadzala liti, mbewu yanji, mwathira chiyani, chaka chatha munali chiyani.

Ng'amba ya pakati pa dzinja imakonda kubwera mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo imapweteka kwambiri ikapeza chimanga chikumasula ngaiyaye. Tinaziona mu 2024, pamene El Niño inaumitsa minda mpaka boma kulengeza mu Epulo kuti dziko lili pa ngozi. Amene anali ndi chopimira mvula ndi kope chaka chimenecho anaona okha kuti ndime zophimbira zinapirira masiku angapo kuposa zosaphimbira. Nthawi ya ng'amba musalole mlimi kuthira wobereketsa pa dothi louma, ngakhale akukakamizeni.

Polankhula ndi alimi, dziwani mayina a udzu, tizilombo ndi mbewu m'Chishona komanso m'Chichewa. M'makomboni a m'mafamu, mukangolonjera akuluakulu kuti "Mwaswera bwanji, bambo?" amakuuzani zimene sakanauza manijala: kuti mpopera ukudontha, kuti ndime yakumunsi inadumphidwa. Wamkulu musamudzudzule pagulu. Mutengereni pambali, muzule phesi, muone limodzi.

Malichi mpaka Meyi: kuyerekeza ndi kukolola

Mlimi adzakufunsani kuti apeza matumba angati, ndipo musayankhe mongoganiza. Pa mizere ya masentimita 90, yezani mamita 11.1 a mzere umodzi, pa ya masentimita 75 yezani 13.3. Thyolani zisononkho zonse, mutonole, muumitse, muyeze pa sikelo. Kilogalamu imodzi pamenepo ndi tani imodzi pa hekitala, ndiye makilogalamu 4 ndi matani 4, kapena kuti matumba 80. Chitani zimenezi malo asanu, abwino ndi oipa omwe, mutenge pakatikati.

Chimanga chakhwima mukaona kadontho kakuda patsinde pa njere. A GMB, bungwe la boma logula chimanga, amalandira chimanga cha chinyezi cha 12.5 pa 100. Popanda makina, ikani njere ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, mukhutchumule, musiye kanthawi: mchere ukamatirira m'mbali, chimanga sichinaume. Chisaumitsidwe pa dothi, chuku chimayambira pamenepo. Anankafumbwe amayamba chimanga chikadali m'munda, choncho nkhokwe kapena chipinda chisesedwe, matumba akale awiritsidwe, ndipo chotonola chithiridwe mankhwala osungira potsata muyeso wa pa paketi kapena chilowe m'matumba osalowa mpweya. Miyezi yomweyi misika ya fodya imakhala itatsegulidwa. Pitani tsiku limodzi mukaime pafupi ndi mabelo, muone chimene chimagwetsa mtengo, kenako mukafunse mwini belo mmene anathenera ndi kuwotchera fodyayo.

Pomaliza tengani kope lija, mulembe tsamba limodzi lokha la mwini munda: mvula yonse imene inagwa, masiku a ng'amba, ndalama zimene zinalowa, matumba amene atuluka, ndi zinthu ziwiri zoti zisinthe. Muwerengereni pamaso, mumusiyire pepalalo. Kopelo mudzalitenge tsiku la mayeso a ntchito, ngakhale lili ndi matope, chifukwa akadzafunsa kuti munathana bwanji ndi ntchemberezandonda mudzatsegula tsamba la tsiku lake. Mapesi musawotche, asiyeni aphimbe nthaka, ndipo sabata yomweyo tsukani ndowa yapulasitiki mukatenge dothi la ndime imene yabereka mochepa.